Ndinawamana Ababa Phala la M'mawa

Ababa anali mkamwini. Ndayambira pamenepa dala, chifukwa anzanga a m'tauni ndikawafotokozera nkhaniyi amathamangira kundikhululukira, amvekere munkawafunira zabwino. Zabwino zake ziti? Kwathu kuno, kumtunda kwa Limbuli, mwamuna amakakhala kwa mkazi. Amange nyumba ya malata, adzale mapeyala, abereke ana, imvi zichite kuyera mbuu, dothi silikhala lake. Mkazi akamwalira, abale a mkaziyo amakhala pansi n'kumusudzula, ndiye kuti kumumasula kuti azipita kwawo. Akakhala wokalamba, ana ake ndi amene amamuimira, n'kunena pagulu kuti ayi, awa sapita kulikonse. Mawuwo amayenera kutuluka m'kamwa mwa mwana wamkazi wamkulu, ndipo mwana wamkazi wamkulu pakhomo pathu ndine.

Tsiku lometa maliro a amayi, amalume anandifunsa pamaso pa anthu onse kuti nanga bambo anuwa mukuti bwanji. Ine ndinali wotopa, ukwati wanga ku Limbe unali utangotha kumene, ndipo ndinkangofuna anthu abalalike ndikagone. Ndinayankha kuti tiona. Ababa anali atakhala pa chitsa cha mpeyala, chipewa chili pabondo, mutu wometa kumene ukunyezimira. Amalume anadikira pang'ono kuti mwina ndiwonjezera mawu. Anthu anayamba kupinda mikeka yawo, nkhani n'kutsala choncho, yosamanga yosamasula.

Kwawo kwa ababa ndi kutsidya, ku Mozambiki, kuseri kwa Milanje. Anachokako ali mnyamata kudzathyola tiyi ku esiteti, ndipo chibadwire changa ndinawaona akupitako kawiri kokha, konse kumaliro. Makolo awo anatha kalekale, otsala nkhondo inawamwaza. Kuwauza kuti azipita kwawo kunali ngati kuuza nkhuku yokalamba kuti ibwerere m'dzira. Iwo ankadziwa zimenezi kuposa ine, moti kuyambira tsiku limenelo anayamba kukhala m'nyumba yomanga okha ngati mlendo. Ankapempha ngakhale mchere. Ine anasiya kunditchula kuti iwe, anayamba kunditi amayi.

Ndinasamuka ku Limbe n'kubwera kudzakhala m'nyumba ya amayi, ndipo ndinayamba kugulitsa kaunjika pa msika wa Limbuli. Tinakhala awiri, ine ndi ababa, miyezi ingapo popanda kukangana, popandanso kucheza. Kenako miyendo yawo inayamba kutupa. Ndinawakweza kabaza kupita nawo kuchipatala, kumene anatiuza kuti magazi akuthamanga ndipo shuga wayamba kukwera. Anati achepetse mchere ndi zotsekemera, komanso aziyendako pang'ono m'malo mongokhala pakhonde. Ananena zimenezo basi. Zoyenda m'mimba muli pululu sanazinene a chipatala, ndisawanamizire. Ndinazitola ndekha pa foni.

Pa gulu lathu la amayi a kutchalitchi wina anaponyapo kanema. Munali nkhalamba za kunja, zovala nsapato zoyera, zikuyenda m'mawa m'mbali mwa maluwa, zikuseka mano onse panja. Mawu ake ankati munthu wachikulire akamayenda asanadye kanthu, thupi limawotcha mafuta ndi shuga, moyo n'kutalika. Kanemayo ndinamuonera kambirimbiri mpaka batire kutha. Ine ndikagwira chinthu ndagwira, amene anandikwatira uja angakuuzeni. Ndinatsimikiza kuti ababa ndiwachiritsa ndekha, anthu aone kuti mwana wa ku Limbe wabwera ndi nzeru.

Mumvetse kuti amayi, zaka zonse za ukwati wawo, sanalolepo ababa kutuluka pakhomo osadya. Ngakhale masiku a ku esiteti, pamene ankanyamuka kukadali mame, phala la mgaiwa lothira nsinjiro linkakhala litapsa kale, shuga masupuni atatu. Amayi atapita ndinapitiriza kuliphika, mong'ung'udza koma ndinkaphika. Ndiye m'mawa wina, m'malo mwa mbale, ndinawaikira kapu ya madzi ofunda. Ndinawauza kuti amwe, ayende mpaka pa mlatho n'kubwerera, zakudya azipeza akabwera. Anayang'ana kapuyo, n'kuyang'ana kukhitchini kumene sikunkatuluka utsi.

"Kodi ufa watha, amayi?"

"Ufa ulipo wodzaza thumba. Imwani madziwo muzipita."

Pa mayankho onse amene ndikanapereka, ndinasankha loipitsitsa. Kwathu kuno mkamwini sapirikitsidwa ndi pakamwa. Palibe amene amamuuza kuti choka, chingakhale chipongwe. Amangosiya kumutumizira mbale ya m'mawa, madzi osamba osamuikira, ufa uli tho m'nyumba, ndipo munthu wanzeru amamanga bulangete lake yekha. Mwana aliyense wa kuno amazidziwa. Inenso ndinkazidziwa, chifukwa amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, anachotsa mwamuna wawo woyamba mwa njira yomweyi ine ndili mtsikana, ndipo tinkaseka tikumuona akuzungulira pakhitchini ngati galu. Koma m'mawa umenewo m'mutu mwanga munali nkhalamba za nsapato zoyera zokhazokha.

Sindinganene kuti sindinawafotokozere. Ndinawaikira foni kumaso kuti aone okha. Maso awo anali ndi ng'ala, kaya anaonapo chiyani. Anagwedeza mutu n'kunena kuti zikomo. Paja amati mkamwini sawiringula. Anamwa madziwo, anavala majombo awo akale a ku esiteti ndi jekete, anatenga ndodo n'kutsetsereka kulowera kumsewu.

Masiku oyamba ankabwera thukuta lili kamukamu, n'kudzigwetsa pakhonde. Ine ndinkati ndiye mankhwalawo akugwira ntchito. Ndinkawapatsa phala lopanda shuga, lopanda mchere, theka la mbale, n'kuima pompo ngati kapitawo mpaka amalize. Masiku a msika ndinkanyamuka iwo asanabwere, ndipo poti ndinkawakayikira kuti azidzithirira shuga ndikachoka, ndinkatsekera ufa, shuga ndi machesi omwe kuchipinda kwanga, kiyi m'chikwama. Ndinkati ndibwera msanga. Msika suli choncho. Nthawi zina ndinkafika dzuwa litapendeka, n'kuwapeza ali pomwe paja, majombo osavula, chidyere dzulo. Ndinkawakalipira kuti bwanji osathyola peyala n'kudya. Ankayankha kuti mitengoyo ili ndi eni ake. Mitengo yodzala okha.

Kuseri kwa nyumba yathu kumakhala mayi wina wachikulire amene ankathyola tiyi limodzi ndi ababa. Tsiku lina ndinabwera msanga chifukwa cha mvula, ndipo ababa sanali pakhonde. Ndinawapeza kwa mayiyu, atakhala pa mpando wamfupi kuseri kwa chitseko ngati wakuba, mbale ya chinangwa chophika ili pamiyendo, pambali kapu ya tiyi. Magazi anandikwera. Ndinalanda mbaleyo n'kukhuthulira abakha, tiyi n'kumumwaza pabwalo. Ndinalalata kuti mudzi wonse umve, kuti ine ndikuvutika kufuna kuwatalikitsira moyo pamene anthu ena akuwapha ndi chisoni chabodza, kuti munthu wamkulu ngati iwo sachita manyazi kupemphetsa m'makomo. Anthu anatuluka m'nyumba zawo mvula ikugwa kudzaonerera.

Mayi uja sanandibwezere mawu. Anandigwira dzanja n'kuyankhula motsitsa, koma ababa anali pompo, ankamva.

"Mwanawe, bambo akowa akuyesa ukuwapirikitsa. Auze kuti si choncho."

Apa ndiye pamene pali mlandu wanga wonse. Za foni zija munthu angati ndinali mbuli. Koma apa ndinauzidwa m'Chichewa chomveka, ndipo chimene chinkafunika chinali mawu awiri atatu basi. Ine ndinaona anthu akundiyang'ana, ndinaona kuti ndikafewa ndiye kuti ndagonja pamaso pawo. Ndinayankha mokweza.

"Wawamanga chingwe ndani? Wofuna kufa phala lili m'kamwa apite komwe kuli phalako."

Ababa anapempha madzi. Anasamba m'manja bwinobwino, chala chimodzichimodzi, ngakhale anali atangoluma kawiri. Anathokoza mayi uja chifukwa cha chakudya, anatenga ndodo yawo n'kubwerera kunyumba pamvula pomwepo, osathamanga.

Madzulo ake amayi aang'ono anabwera akumwetulira, atanyamula nthochi zoti ndidye ine. Iwo anali akuyang'anitsitsa kale munda wa nanazi wa ababa, ankafuna aupereke kwa mkamwini wawo watsopano. Anandiyamikira kuti ndine mkazi weniweni, wodziwa kukonza zinthu popanda kuitana bwalo. Anati ndisatekeseke, paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, adzanyamuka okha. Ndinamva bwino lomwe chimene ankatanthauza. Sindinawatsutse, ndinasenda nthochi n'kudya.

Ndinene zoona, poti ndayamba kale. Ababa anali atanditopetsa. Chifuwa chawo cha m'mawa, kachitini kawo kolavuliramo, fungo la fodya wawo m'makatani, chizolowezi chawo choyankhula Chilomwe ndi amayi ngati akadali m'chipindamo. Ndinkafuna nyumba ya phee yoti ndilirire ukwati wanga. Sindinakhalepo pansi n'kuganiza kuti ndiwachotse, ayi. Koma kamtima kena m'kati mwanga kankadziwa kumene zinthu zinkalowera, ndipo kankangoti tione. M'mawa wotsatira ndinawaikiranso kapu ya madzi.

Chodabwitsa, kuyambira pamenepo anasiya kuzengereza. Ankadzuka okha ine ndisanawagogodere. Ulendo wa pa mlatho unatalika, anayamba kubwera dzuwa litakwera, kenako masana enieni. Miyendo inaphwa ndithu, mimba inalowa, thalauza anayamba kumangira luzi. Ine kunyada! Ndinawajambula chakumbuyo akutsetsereka ndi ndodo yawo n'kuponya pa gulu lija, ndikuti taonani ababa anga, azaka zimenezi, akufika pa Limbuli wapansi osadya kanthu. Amayi a pa gulupo anandiombera m'manja, ena mpaka anati ayambitsa apongozi awo.

Anyamata a kabaza pa msika ankandiseka kuti kodi adala aja mukufuna akapikisane ndi onyamula katundu a m'phiri. Ankati amawaona kutali, njira ya ku Muloza, atakhala m'mbali mwa msewu akupuma. Wina anandiuza kuti amaimitsa anthu a ku Mozambiki obwera ndi chimanga panjinga, n'kumawafunsa m'Chilomwe za mudzi wakutiwakuti, kuti kodi ukadalipo, kodi a banja lakuti alipo amene anatsala. Ndinaseka nawo. Ndinati nkhalamba zimakonda nkhani zakale. Munthu ankayeza miyendo yake kuti aone ngati ingamufikitse kwawo, tsiku lililonse kuwonjezera pang'ono, ine ndikumujambula.

M'mawa womaliza ndinali pakhonde ndikumanga belo la zovala. Anamwa madzi awo, ndipo kapu anakatsuka okha n'kuivundikira pa thandala. Ndinamva akusesa m'chipinda mwawo, ntchito imene sankaigwira. Atatuluka jekete linali lotukuka, koma sindinafunse. Masiku onse ankati ndikubwera. Tsiku limenelo anaima pang'ono pabwalo, anavula chipewa.

"Tsalani bwino, amayi."

Ine chingwe chili kumano, osadzutsa ndi mutu womwe, ndinawauza kuti asafulumire kubwerera, ayesetse kufika patali kuposa dzulo.

Nditabwera kumsika sindinawapeze. M'chipinda mwawo munali mphasa yopinda bwino itatsamira khoma, bulangete mulibe, chitenje cha amayi chimene ankatsamira mulibe. Makiyi a chitseko chawo anali pa zenera. Mukuganiza kuti ndinathamanga kukawafuna? Ndinapsa mtima. Ndinati akufuna kundichititsa manyazi kuti anthu aziti ndine mfiti, njala ikawapweteka abwera okha. Ndinaphika nandolo amene amamukonda, ndinathiramo mchere wokwanira, n'kuvundikira. M'mawa ndinapatsa nkhumba. Ndinachita zimenezi masiku asanu. Tsiku lachitatu lake mkamwini wa amayi aang'ono anali ali kale m'munda wa nanazi ndi chikwanje.

Amalume anabwera tsiku lachisanu. Ndinawaikira mpando, anakana kukhala. Anati iwo akhala akusudzula akamwini moyo wawo wonse, ena oipa, ena zidakwa, koma aliyense ankamuphera nkhuku, kumuthokoza chifukwa cha ana, n'kumuperekeza mpaka pamsewu. Anati munthu amene anaika mlongo wawo m'manja zaka zonsezi wachoka ngati galu woba mazira, ndipo wamuchotsa ndi mwana wake womubereka. Sanakweze mawu. Atatha anatembenuka n'kumapita, mpando uli pomwepo.

Ndinanyamuka m'mawa mwake kukungocha. Ndinakwera njinga yamoto mpaka pa Muloza, kuwoloka malire, n'kuyamba kufunsa. Chilomwe changa n'chothyokathyoka, ankandiseka, koma nkhalamba ya majombo ndi ndodo anthu anali ataiona. Wina anati inagwa pafupi ndi chigayo, anaithira madzi. Wina anati inagona pakhonde la tchalitchi. Ulendo umene ine ndinayenda maola ochepa panjinga, iwo unawatengera masiku atatu.

Ndinawapeza pa kamudzi ka nyumba zofolera udzu, kwa mdzukulu wa mlongo wawo, mayi amene anali asanawaonepo chibadwire. Anangomva dzina la agogo ake n'kuwayalira mphasa. Pakhomopo umphawi unkachita kununkha. Ababa anali atatsamira khoma, mapazi atakulungidwa nsanza chifukwa majombo anawasupula, milomo itang'ambika. Pamiyendo panali mbale ya phala la makaka, chinangwa chouma chija, lamadzimadzi, lotuwa, lopanda shuga ngakhale kambewu kamodzi. Ana a pakhomopo anali atakhala patali akudikira kuti agogo ayambe adya.

Ndinagwada. Ndinalira mpaka mamina, ndikufotokoza za chipatala, za kanema, za shuga, kuti zonse zija ndinkachitira moyo wawo, kuti ndinayankhula ndi mkwiyo chabe, kuti njinga ikudikira pamsewu, tibwerere. Ndinalonjeza phala la nsinjiro m'mawa uliwonse, masupuni atatu, anayi akafuna. Anandimvetsera mpaka ndinatha, akuyang'ana mapazi awo. Kenako anandifunsa ngati ndinadya kanthu ponyamuka. Ndinati ayi, ndinalibe nthawi.

Anaitana mayi uja n'kumuyankhula m'Chilomwe, ndipo zimenezo ndinazimva zonse. Anamuuza kuti mlendoyu wachokera kutali asanadye, si bwino munthu kuyenda choncho. Mayiyo anachita manyazi, anati mumphika mwatsala moti ana agawane. Ababa ananyamula mbale yawo ndi manja awiri n'kuiika patsogolo panga. Ndinakana. Anaikankhiranso kwa ine.

"Idyani, amayi. Kuno sitimana."

Ndinadya. Linali lowawasa, la mchenga, koma ankandiyang'ana supuni iliyonse, ana aja akuyang'ananso. Ndinamaliza mbale yonse ya nkhalamba yodwala. Nditaika supuni pansi anagwedeza mutu ngati munthu amene wamaliza ntchito yake. Anandiuza kuti ndinyamuke dzuwa lisanapse, chifukwa kwathu n'kutali, ndipo ndikapereke moni kwa eni mudzi onse. Anatembenukira kukhoma n'kufunda chitenje.

Ndinapitakonso kawiri, ndi thumba la ufa, shuga ndi mapilitsi. Ankalandira ndi manja awiri, kuthokoza, n'kupereka zonse kwa mayi uja. Za kubwerera sanalole kuti tizikambenso. Ankandifunsa za mvula, za mtengo wa chimanga, zimene munthu amafunsa mlendo.

Anamwalira mvula yoyamba itangogwa. Kumeneko kulibe amene anali ndi nambala yanga, moti uthenga unandipeza pa msika atawaika kale, kutali ndi manda a amayi. Wondiuzayo anali bambo wina wobwera ndi chimanga panjinga. Anaima pa benchi langa, anavula chipewa, ananena mwachidule, ndipo atadikira pang'ono anandifunsa mtengo wa jekete limene linali pamwamba pa mulu.